MADZI SAIWALA KHWAWA: ZA MALAMULO A POMANGA NYUMBA

Abale ndi alongo a m'Nthambi yathu, mafumu ndi anyakwawa, ndi inu nonse amene mudzamva kalata ino ikuwerengedwa pabwalo: nkhani yathu mwezi uno ndi ya malamulo onena za malo amene munthu angamangepo nyumba ndi malo amene sayenera kumangapo kuno ku chigwa cha Shire. Nkhaniyi yautsa mapokoso m'misonkhano yathu. Ena akuti lamulo lotere ndi chiwembu chofuna kutilanda madimba. Ena akuti Boma lachedwa kale, likadangogwetsa nyumba zonse za m'mbali mwa mitsinje. Ife a Nthambi tikuti malamulowa tikuwafuna, ndipo tikuwafuna msanga. Koma tifuna malamulo amene ife eni chigwa taikapo mau athu, osati ongotigwera usiku monga chimagwera chipupa cha zidina.

Tiyambe takumbutsana, pakuti dzuwa likangowala masabata awiri anthu timaiwala. Mu Januwale 2015 Boma linalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi. Anthu oposa 100 anafa, ena ambiri sanapezeke, anthu ngati 230,000 anasowa pogona, ndipo nyumba zoposa 500,000 zinagwa kapena kuonongeka m'dziko muno. Ku Makhanga, kwa Mlolo, anthu anachezera m'mitengo ndi pa zulu kufikira anadzatengedwa ndi mabwato ndi ndege. Mu Malichi 2019 madzi anabweranso. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la magetsi ku Kapichira nadula mseu waukulu ku Chikwawa. Mu Malichi 2023 kunadza Freddy, amene anapha anthu oposa 600, ena oposa 500 nasowa, ndipo oposa 650,000 anathawa m'nyumba zao. Werengani nokha: madzi aakulu kanai pa zaka 8, osawerengera ang'ono-ang'ono a chaka ndi chaka. Kodi munthu wolima thonje ndi mapira angamange nyumba kangati pa zaka 8?

Ndipo asatinamize wina kuti izi nzachilendo. Akulu-akulu akukumbuka Napolo wa ku Zomba mu 1946, ndi wa ku Phalombe mu Malichi 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi napha anthu mazana-mazana. Kuno kwathu, mu 1997 Shire anadula njanji ndi mseu pakati pa Bangula ndi Makhanga, pamalo paja patchedwa Mtayamoyo. Chasintha nchakuti madzi akubwera pafupi-pafupi, ndipo akupeza anthu ochuluka atamanga m'njira yao.

Tiyenera kudziwa mayendedwe a madzi a kwathu kuno, chifukwa lamulo losadziwa madzi ndi lamulo lakhungu. Ambiri amaloza chala ku Liwonde, kuti anthu a pa chotsekera madzi chija chinamangidwa mu 1965 ndiwo amatitsegulira madzi. Koma taonani: Ruo amachokera m'phiri la Mulanje nadzathira m'Shire pa Chiromo, kumunsi kweni-kweni kwa Liwonde. Mwanza nayenso amathira m'Shire kuno kumunsi, atatolera madzi a m'mapiri a kwao. Palibe chitseko cha ku Liwonde chimene chingaletse mitsinje imeneyi. Ruo akadzaza amafika pa Chiromo ndi mphamvu yotsekereza Shire, madzi nabwerera m'mbuyo kukadzaza dambo lalikulu ndi midzi yolizinga. Zambezi nayenso akasefukira, Shire amasowa kothira. Ndicho chifukwa chache munthu amatha kugona kunja kuli nyenyezi, nadzuka mphasa iri kuyandama. Onjezanipo mchenga. Mitengo ya m'mapiri a kumtunda inatha ndi makala ndi minda, dothi lonse likutsikira kuno, ndipo mitsinje imene kale inali ndi magombe akuya lero yakwiririka. Mtsinje wokwiririka sufuna mvula yambiri kuti utuluke. Umangosiya njira yache nkutsata khwawa lakale limene ife tinaliyesa malo abwino a mudzi.

Tsono malamulo alipo kale, ndipo nkofunika kuti membala ali yense awadziwe, kuti munthu wa kolala asatiopseze ndi mapepala. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa khonsolo ya boma liri lonse mphamvu yopanga malamulo ache a m'deralo, amene Nduna imavomereza. Lamulo la mapulani a malo la 2016 linafutukula nchito yokonza kamangidwe kuti ifike dziko lonse, pamene lakale la 1988 linkagwira maka-maka m'mizinda ndi m'matauni. Lamulo la malo a makolo la 2016 limati pakhale komiti ya malo kwa gulupu, gulupuyo ali wapampando, ndi anthu 6 osankhidwa, osachepera atatu mwa iwo akhale amai. Ndipo mu 2023, Freddy atangopita, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi m'malo mwa lija la 1991. Lamuloli limapatsa Boma mphamvu yolengeza kuti malo akuti-akuti ndi oopsa ndi kusamutsa anthu okhalamo. Mphamvu imeneyi ndi yaikulu. Mpeni wakuthwa umasenda mbatata, umachekanso chala. Ngati ife tikhala chete, ena adzalemba mizere pa mapu ali ku Lilongwe, ndipo tidzangomva kuti mudzi wakuti kulibenso.

Apa tikumbutse a khonsolo ndi Bwana D.C. mbiri ya chigwa chino. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 Boma la atsamunda linadza ndi malamulo a malimidwe. Linati ali yense alime mizere, linaletsa kulima m'mphepete mwa mitsinje, ndipo wokana ankalipitsidwa, kuzuliridwa mbeu kapena kutsekeredwa. Zina mwa zimene malamulo aja ankafuna, monga kusunga nthaka, sizinali zoipa. Koma anadza ndi kapitao ndi mesenjala, osafunsa mlimi amene analidziwa dothi la makande kuposa iwo. Makolo athu anakana kolimba, mpaka nthawi ija inatchuka ndi dzina lakuti nkhondo ya mitumbira. Chotsatira chache, kwa zaka zambiri munthu aliyense wonena za kusamala nthaka ankaoneka ngati mdani. Sitifuna kuti lamulo lopulumutsa ana athu ku madzi lidedwe chimodzi-modzi chifukwa cha kabweredwe kache.

Chinthu choyamba chimene lamulo la khonsolo liyenera kunena momveka, m'Chichewa, m'Chimang'anja ndi m'Chisena, ndi ichi: kuletsa kumanga nyumba yogona si kuletsa kulima. Munthu wa kumtunda amadabwa kuti bwanji anthu awa samva, chaka ndi chaka madzi akuwapha koma akubwerera komweko. Iye sadziwa kuti kuno mvula ndi yochepa ndipo dzuwa limaocha mbeu za kumphala. Chaka chimene mapira ndi mchewere zakanika, banja limapulumukira ku dimba. Madzi omwewo amene agwetsa nyumba mu Januwale amasiya dothi lachonde ndi chinyontho, ndipo akaphwa timadzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu, nkudya mpaka mvula yina. Kumeneko kulinso nsomba ndi msipu wa ng'ombe. Kumuuza munthu kuti achoke ku dimba osamuuza chimene adzadya ndi kumuchotsa m'kamwa mwa ng'ona nkumupereka kwa njala. Anthu a kwa Nyachikadza akhala akuuzidwa kwa zaka zambiri kuti asamuke, ndipo ambiri akana. Amene afuna kudziwa chifukwa chache akaone minda yao. Lamulo lilembe poyera kuti banja losamukira kumtunda dimba lache likhalabe lache, ndi kuti msasa wa udzu wogonamo nthawi ya chilimwe pamene munthu akulondera mbeu suli mlandu. Makolo ankatero: mudzi kumtunda, msasa ku dimba.

Nanga malo oletsedwawo adzadziwika bwanji? Ife tikuti mzere uikidwe ndi anthu a mapu pamodzi ndi eni mudzi, akuyenda ndi miyendo. Madzi a 2015 ndi a 2023 anasiya zizindikiro pa zipupa za sukulu, pa matchalichi ndi pa mitengo, ndipo palibe mudzi umene ulibe agogo odziwa pamene mtsinje unkadutsa iwo ali ana. Zithunzi zojambulidwa m'mwamba nzothandiza, sitikana. Koma chithunzi sichidziwa kuti pakuti-pakuti madzi amathamanga mokokolola ng'ombe, pamene pakuti amangofika m'maondo nkuima. Kusiyana kumeneku ndiko mutu wa nkhani yonse. Pamene madzi amathamanga, m'khwawa lakale, pa gombe logumuka, pa chilumba chimene chimazingidwa, pasamangidwe nyumba yogona ngakhale ya simenti, pakuti madzi othamanga amafukula pansi pa maziko nyumba nkugwa yonse. Pamene madzi amangofika nkuima, munthu aloledwe kumanga, koma momvera malangizo. Ndipo mzerewo ukaikidwa, pakhomedwe zipilala zopaka utoto zoti mwana wa sukulu aziona, osati ukhale m'kabati ya ofesi.

Za kamangidwe tinene mwatsatane, chifukwa apa ndi pamene ambiri timataya chuma. Nyumba zathu zambiri sizigwa chifukwa chokankhidwa ndi madzi ai. Zimagwa chifukwa chonyowa kumapazi. Chidina chikakhala m'madzi tsiku limodzi chimabwerera ku matope, mizere ya pansi imafewa, ndipo kulemera kwa chipupa ndi denga kumatsiriza nchito. Ena amati ine ndinaocha njerwa, yanga ndi yolimba. Koma ngati njerwa zoochazo munamangira dothi, madzi amasungunula dothi la pakati, njerwa nkutsala zongosanjikizana. Tsono lamulo linene kuti m'malo ofika madzi, nyumba ikhale pa guwa lokwezedwa ndi kutsenderedwa bwino, pansi pa nyumba papitirire chizindikiro cha madzi aakulu amene anafikapo pamalopo. Maziko ndi mizere ya pansi, kufikira kupitirira chizindikirocho, zikhale za miyala, njerwa zoocha kapena mabuloko, zomangira simenti. Pamwamba pa maziko payalidwe pepala la pulasitiki loletsa chinyontho kukwera. Denga lituluke kunja ndithu, khonde lizungulire nyumba, ndipo pakhale ngalande yotaya madzi kutali ndi chipupa. Izi si nzeru zathu zokha. Boma liri ndi buku la malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba limene linayamba kulembedwa chitachitika chivomezi cha ku Karonga cha 2009. Tifunse: ndi amisiri angati a m'midzi mwathu amene analiona bukulo? Khonsolo iitane amisiri a m'midzi, iwaphunzitse, pakuti nyumba za kuno samanga ndi makontirakitala.

Wina adzati simenti yakwera mtengo, wosauka aitenga kuti? Funso limeneli ndi loona, ndipo lamulo lolizemba lidzakhala lamulo la anthu a ndalama okha. Koma onani kuti sitikunena za nyumba yonse ya simenti. Tikunena za kumapazi kwa nyumba. Kukweza guwa sikufuna sitolo, kumafuna makasu, madengu ndi anthu, ndipo mudzi umene umatha kulimitsana ungathenso kukwezerana maguwa chilimwe chisanathe, kuyambira kwa amai amasiye ndi okalamba. Thandizo limene limadza madzi atapita, la malata ndi matumba a simenti, liziperekedwa motsata malamulo omwewa, osati kupatsa munthu malata kuti akamangenso pa bwinja lomwe lija. Ndipo amene sangathe konse, nyumba yopepuka ya mitengo ndi bango pa guwa lokwera iposa ya zidina zolemera zimene zimagwera ana ali m'tulo.

Lamulo lisaiwale chimbudzi, chitsime ndi nkhokwe. Madzi akasefukira zimbudzi zimagumuka, zonyansa nkulowa m'zitsime ndi m'mijigo. Kolera amene anayamba mu 2022, pambuyo pa Ana ndi Gombe, anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Chimbudzi chikhale chokwezedwa, dzenje lache lomangidwa m'mbali, ndiponso kutali ndi kumunsi kwa potunga madzi. Mjigo ukhale ndi guwa lache lokwera. Mbeu ndi chakudya zikhale pa nsanja, ndipo makola a mbuzi ndi nkhuku akhale a m'mwamba monga ambiri achitira kale. Maenje oumbira njerwa asakumbidwe pa gombe kapena pakati pa mudzi. Bango, nsenjere, nsungwi ndi mikuyu ya m'mphepete mwa mtsinje zisadulidwe, pakuti ndizo zimagwira gombe.

Tsopano tinene zimene ena sadzakondwera nazo. Lamulo likayamba, liyambe ndi Boma lomwe. Sukulu, chipatala, msika ndi nyumba za aphunzitsi ndizo zimakoka anthu; mukamanga sukulu m'dambo mwaitana mudzi wonse kuti ukhale m'dambo. Ndipo sukulu ndiyo pothawira pathu madzi akafika. Chomangidwa chiri chonse cha Boma, cha mpingo kapena cha bungwe chikhale pamalo okwera, ndipo dera liri lonse likhale ndi pothawira pache podziwika, kuti ana asamataye miyezi ya maphunziro chifukwa m'kalasi mukugona mabanja. Omanga miseu nawonso amvere lamulo: mseu wokwezedwa wokhala ndi mipata yochepa yodutsa madzi umasanduka damu, ndipo mudzi wa kumtunda kwache umamira. Lamulo ligwirenso wamalonda womanga sitolo ndi mpanda wa njerwa potsekereza ngalande, madzi nakhotera kwa mnansi wache wosauka. Likagwira wa njinga nkusiya wa galimoto, ife tidzakhala oyamba kulitsutsa.

Kwa inu mafumu athu tilankhula mwaulemu, koma tilankhula. Malo ndi inu mumagawa, ndipo mlendo kapena mnyamata wongokwatira kumene sadziwa pamene pali khwawa, inu mukudziwa. Mfumu yolandira ndalama nkuloza munthu malo odutsa madzi yamugulitsa manda. Zimene zinachitika ku Blantyre mu 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche nkukwirira nyumba za ku Chilobwe, zinaonetsa chimene chimachitika malo oletsedwa akamagawidwa anthu onse akuona. Lamulo linene kuti wogawa malo oletsedwa ali ndi mlandu woposa wa womangayo. Komanso tikudziwa chimene chimavuta mafumu: mfumu yosamuka ndi anthu ache kukakhala m'dziko la mfumu ina imaopa kusanduka mlendo, ndipo kumbuyo ikusiya manda a makolo. Mantha amenewa si opusa. Khonsolo ndi mafumu aakulu agwirizane zolemba kuti mudzi wosamuka upita ndi ufumu wache ndi dzina lache, ndi kuti njira ya kumanda ndi ya kumadimba sidzatsekedwa.

Ndipo kusamuka kusakhale kwa pakamwa. Asanauzidwe munthu kuti choka, malo opitako akhale atapezeka, eni ache atalipidwa, mjigo utakumbidwa, ndipo pakhale pamtunda woti munthu angapite ku dimba m'mawa nkubwerako madzulo. Banja liri lonse lilandire pepala la malo ache atsopano, dzina la mai lilembedwepo pamodzi ndi la bambo, ndipo wamasiye alembedwe payekha. Apo ai, zaka zikapita ana a eni malo adzati chokani, makolo athu anangokubwerekani. Kumene izi sizinachitike, anthu amakhala kumtunda miyezi ingapo, thandizo likatha nkubwerera kumadzi, ndipo a m'maofesi nkumati anthu a kuchigwa ngosamva, amakonda zolandira. Mau amenewo timawakana. Palibe mai amene amakonda kukwera mumtengo ndi khanda kumbuyo chifukwa cha thumba la ufa.

Za makoma otchinga madzi tinene pang'ono. Ndi othandiza, ndipo tikuwapempha kumene angathandize. Koma khoma limamangidwa molingana ndi madzi a msinkhu wakuti, ndipo tsiku limene madzi apitirira msinkhuwo kapena khoma lagumuka, amene anamanga kuseri kwache modalira khomalo ndiwo amaonongeka koposa. Kukhalapo kwa khoma kusafafanize mzere woletsa.

Za chilango, ife sitifuna chindapusa choti munthu agulitse mbuzi yache yotsiriza. Womanga poletsedwa aimitsidwe akadali pa maziko, komiti ya malo ndi komiti ya ngozi ya m'mudzi zimulozere pena. Nyumba zimene ziripo kale zisagwetsedwe mwini wache asanapatsidwe kopita. Munthu woona kuti mzere wamulakwira akhale ndi kokadandaula, ndipo mlandu wache umvedwe poyera. Kalata yololeza kumanga nyumba ya m'mudzi ikhale yaulere ndi yopezeka kwa gulupu, pakuti ikadzakhala ya ndalama ndi ya ku boma, tidzangotsegula msika wina wa ziphuphu.

Tsono abale, mvula isanagwe pali nchito. Mlembi wa mudzi uli wonse atenge akulu-akulu awiri kapena atatu, amuna ndi akazi, ayende nao nalembe pamene madzi a 2015 ndi a 2023 anafika, kumene anathamanga ndi kumene anaima, ndi makwawa akale amene mtsinje unasiya. Alembenso mabanja okhala m'malo oopsa, ndi angati mwa iwo angasamuke malo atapezeka. Mapepalawo afike kwa mlembi wa Nthambi msonkhano ukudzawu usanachitike, kuti nthumwi zathu zikapite nao kwa khansala ndi kwa Bwana D.C. pamodzi ndi pempho lakuti malamulo a khonsolo asanatumizidwe kwa Nduna, ayambe awerengedwa pabwalo la gulupu ali yense. Amisiri omanga nyumba amene ali mamembala abwere ndi zingwe zao zoyezera, pakuti tidzayambira pa chipupa cha sukulu kuyeza msinkhu wa madzi.